Madokotala achizimayi, inshuwalansi ya ulumali muigule musanatenge pakati

Anzanga madokotala achizimayi, makamaka amene muli ku Britain ndi ku South Africa, inshuwalansi yokulipirani mwezi ndi mwezi mukalumala kapena mukadwala nthawi yaitali muigule mudakali athanzi. Mukakalembetsa muli kale oyembekezera, kapena munachirapo ndi opaleshoni, kampani ikhoza kulemba kuti siidzalipira mavuto a uchembere. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pakati kumatha kugoneka mayi miyezi ingapo.

Pa chikalata cha mgwirizano fufuzani mawu akuti own occupation, kutanthauza kuti adzakulipirani mukalephera kugwira ntchito yanu yeniyeniyo. Dokotala wa opaleshoni dzanja likayamba kunjenjemera, osathanso kusoka bala, amalandirabe ndalama ngakhale ali ndi mphamvu zokaphunzitsa m'kalasi. Mawuwa akasowa, kampani idzangoti kafuneni ntchito ina.

Ku NHS, bungwe la boma la zaumoyo ku Britain, mukadutsa zaka 5 pa ntchito n'kudwala, amakupatsani malipiro onse kwa miyezi 6 ndi theka lake kwa miyezi ina 6. Konzani zoti inshuwalansi idzayambe kulipira pomwe malipirowo akuchepa. Ku South Africa yambani mwafunsa ku PPS, bungwe la inshuwalansi la anthu a madigiri lomwe linakhazikitsidwa mu 1941.