Momwe mungasinthire mneni wa Chisipanishi "calcular" molingana ndi munthu ndi nthawi

Lembani mawu atatu awa papepala motsatizana: cálculo, calculo, calculó. Malembo ake ndi amodzimodzi ndipo atsatizana mofanana, koma liwu loyamba ndi dzina lotanthauza chiwerengetsero, lachiwiri likutanthauza kuti "ndimawerengetsera", pamene lachitatu likutanthauza kuti "iye anawerengetsera". Chimene chawasiyanitsa ndi phatikizo limene wolankhula amalitsindika, ndipo polemba kutsindikako kumaonetsedwa ndi kachizindikiro kopendekeka pamwamba pa lembo la liwu, kamene eni chinenerochi amakatcha tilde. Munthu amene wamvetsa bwino mawu atatuwa wadutsa kale pamalo pamene ambiri amapunthwa.

Mneni calcular amatanthauza kuwerengetsera, monga kupeza mtengo wa katundu kapena kutalika kwa ulendo, komanso amatanthauza kuyerekeza chinthu m'maganizo. Anachokera ku Chilatini, kumene calculus kanali kamwala kakang'ono kamene anthu ankawerengera zinthu. Ndi mneni wotsata lamulo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, choncho zimene mungaphunzire pa iye zidzagwiranso ntchito pa aneni ena ambirimbiri.

Choyamba: patulani tsinde ndi mchira

Aneni a Chisipanishi ali m'magulu atatu malinga ndi mathero awo, omwe ndi -ar, -er ndi -ir. Bungwe la Real Academia Española, limene linakhazikitsidwa ku Madrid mu 1713, limagwiritsa ntchito amar, temer ndi partir ngati zitsanzo za magulu amenewa, ndipo calcular ali m'gulu loyamba, lomwenso ndi lalikulu kuposa ena onse. Mukachotsa -ar mutsala ndi calcul-, ndipo limeneli ndi tsinde limene silisintha.

Apa m'pofunika kutembenuza kaganizidwe kathu. M'Chichewa, wochita ndi nthawi amabwera kumayambiriro kwa mneni: mu "ndinawerengetsera", ndi- akusonyeza munthu ndipo -na- akusonyeza nthawi. Chisipanishi chimaika zonsezi kumchira, kotero kuti khutu liyenera kuzolowera kudikira mpaka liwu litatha. Chifukwa mchirawo umanena kale za wochita, alowam'malo monga yo, kutanthauza ine, kapena nosotros, kutanthauza ife, nthawi zambiri satchulidwa, monga momwe ifenso sitinenera "ine ndinapita" pokhapokha tikufuna kutsindika.

Chachiwiri: konzani katchulidwe musanapitirire

Lembo c likatsogozana ndi a, o kapena u limamveka ngati k wathu wopanda mpweya, osati kh. Choncho liwuli limatchulidwa kal-ku-LAR, motsindika kumapeto. Olankhula Chichewa tili ndi zizolowezi ziwiri zimene zimatisokoneza apa. Timakonda kuika lembo la liwu pakati pa malembo awiri opanda liwu, mpaka liwu limamveka ngati "kalukula", ndiponso l ndi r kwa ife ndi liwu limodzi. M'Chisipanishi awiriwa amasintha tanthauzo, moti pelo ndi tsitsi pamene pero ndi "koma". Mneni wathuyu ali ndi onse awiri, choncho ndi wabwino kuphunzirirapo lilime.

Lamulo la kutsindika ndi lalifupi. Liwu lothera ndi lembo la liwu, kapena n, kapena s, limatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Liwu lothera ndi lembo lina lililonse limatsindikidwa pa phatikizo lomaliza. Liwu likapatuka pa malamulo awiriwa, m'pamene limalembedwa kachizindikiro kaja. Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, motero calculo amatuluka bwino m'kamwa mwathu popanda vuto, koma calculó amafuna khama.

Chachitatu: nthawi yatsopano

Pa tsinde lija lumikizani michira iyi: -o, -as, -a, -amos, -áis, -an. Zotsatira zake ndi izi:

yo calculo, ndimawerengetsera
tú calculas, umawerengetsera
él, ella kapena usted calcula, amawerengetsera kapena mumawerengetsera mwaulemu
nosotros calculamos, timawerengetsera
vosotros calculáis, mumawerengetsera
ellos, ellas kapena ustedes calculan, iwo amawerengetsera kapena inu nonse mumawerengetsera

Mlowam'malo usted ndi wolemekezera munthu mmodzi, ndipo amatenga mchira wa "iye" chifukwa anachokera ku mawu akale akuti vuestra merced, omwe ankatanthauza "chisomo chanu". Zimenezi si zachilendo kwa ife amene timatha kufunsa munthu wamkulu amene tayang'anizana naye kuti "Agogo akufuna chiyani?" ngati kuti tikunena za wina. Vosotros ndi wa anthu ambiri ozolowerana nawo ndipo amamveka kwambiri ku Spain, pamene ku Mexico, Colombia, Peru ndi maiko ena a ku Latin America amangoti ustedes kwa gulu lililonse. Ku Argentina ndi ku Uruguay mudzamvanso vos calculás m'malo mwa tú calculas. Wophunzira watsopano angachite bwino kusankha njira imodzi yolankhulira, koma zinazo azizindikire akazimva.

Chiganizo chakuti "Calculo el precio del arroz" chikutanthauza kuti ndimawerengetsera mtengo wa mpunga. Koma mukamva munthu akuti "Calculo que llegamos a las cinco", sakuchita masamu ayi, akungoyerekeza kuti afika cha m'ma 5 koloko.

Chachinayi: nthawi ziwiri zakale

Pano m'pamene muyenera kukhalitsa, chifukwa nthawi yakale ili pawiri ndipo kusankha molakwika kumasintha nkhani. Mwayi wake ndi wakuti Chichewa chili kale ndi kusiyana komweku pakati pa -na- ndi -nka-.

Nthawi yotchedwa pretérito imanena za chinthu chimene chinachitika n'kutha, ndipo imafanana ndi -na-. Mawu ake ndi calculé, calculaste, calculó, calculamos, calculasteis, calcularon. Onani kuti oyamba ndi achitatu ali ndi kachizindikiro kumapeto, ndipo kachizindikiroko sikokongoletsa. Mukalemba "calculo el total" pamene mumafuna kunena za mlembi amene anawerengetsera dzulo, mwadziika nokha pa ntchito imene anagwira ndi wina, ndipo mwaibweretsanso lero. Onaninso kuti calculamos ndi yemweyo wa nthawi yatsopano, kotero kuti mawu ena a m'chiganizo, monga ayer amene ndi dzulo kapena hoy amene ndi lero, ndi amene amamasula. Pali chizolowezi china chimene mungachimve ngakhale kwa eni chinenero, chowonjezera s n'kunena kuti "calculastes", koma m'Chisipanishi cholembedwa chimenechi chimatengedwa kuti ndi cholakwa.

Nthawi yotchedwa imperfecto imanena za chizolowezi chakale kapena chinthu chimene chinali mkati, ndipo imafanana ndi -nka-. Mawu ake ndi calculaba, calculabas, calculaba, calculábamos, calculabais, calculaban. Kachizindikiro kali pa "ife" pokha. Popeza "ine" ndi "iye" onse ndi calculaba, apa mlowam'malo amatchulidwa ngati pangakhale chisokonezo.

Yesani kuziika m'chiganizo chimodzi kuti muone kusiyana kwake. "Mi abuela calculaba todo de memoria, pero ayer calculó mal" akutanthauza kuti agogo anga aakazi ankawerengetsera zonse pamtima, koma dzulo anawerengetsera molakwa. Mneni woyamba akufotokoza khalidwe la zaka zambiri, wachiwiri akuloza tsiku limodzi.

Chachisanu: nthawi yam'tsogolo ndi ya "ndikanachita"

Apa musachotse -ar. Tengani calcular yense n'kuwonjezera michira, ndipo mupeza calcularé, calcularás, calculará, calcularemos, calcularéis, calcularán, amene akufanana ndi -dza- wathu. Onse ali ndi kachizindikiro kupatula calcularemos. Polankhula tsiku ndi tsiku anthu amakondanso njira ina yogwiritsa ntchito mneni ir, kutanthauza kupita, monga voy a calcular ndi vamos a calcular.

Nthawi yotchedwa condicional imamangidwanso pa mneni wathunthu: calcularía, calcularías, calcularía, calcularíamos, calcularíais, calcularían. Imanena za chimene munthu akanachita kapena angachite zinthu zitalola, ndiponso imafewetsa pempho, moti "¿Me calcularía el total?" ndi njira yaulemu yopemphera wogulitsa kuti akuphatikizireni ndalama zonse.

Chachisanu ndi chimodzi: subjuntivo, amene timamudziwa kale

Ophunzira ambiri amaopa kanenedwe aka, koma kwa wolankhula Chichewa mantha amenewo ndi osafunika kwenikweni. Tikamanena zofuna, zopempha kapena cholinga, lembo lomaliza la mneni wathu limasintha kuchoka pa -a kupita pa -e, monga mu "ndikufuna uwerengetsere". Aneni a gulu la -ar amachita chimodzimodzi: calcule, calcules, calcule, calculemos, calculéis, calculen. Chiganizo chakuti "Quiero que calcules el precio" ndi "ndikufuna uwerengetsere mtengo", ndipo "para que calculemos bien" ndi "kuti tiwerengetsere bwino". Kufananaku kunangochitika mwangozi, pakuti zinenero ziwirizi si zapachibale, koma ndi chogwirira chabwino. Sikufika paliponse ayi, chifukwa Chisipanishi chimafunanso subjuntivo pambuyo pa mawu okayikira monga dudo que, ndi pambuyo pa cuando, kutanthauza "pamene", ngati nkhani ili yam'tsogolo, monga mu "cuando calcules el total", pamene ife timangoti "ukawerengetsera". Chenjerani ndi calcule ndi calculé, amene akusiyana ndi kachizindikiro kokha.

Kanenedwe komweka kali ndi nthawi yakale: calculara, calcularas, calculara, calculáramos, calcularais, calcularan. Palinso mtundu wina wothera ndi -se, monga calculase, umene tanthauzo lake ndi lomwelo koma umapezeka kwambiri m'zolemba. Njira yosavuta yokumbukirira ndi kutenga calcularon n'kuchotsa -ron, kenako kuika -ra. Amayenda limodzi ndi condicional, monga mu "Si calculara bien, no perdería dinero", kutanthauza kuti akanakhala kuti amawerengetsera bwino, sakanamataya ndalama. Apanso calculara ndi calculará ndi mawu awiri osiyana.

Chachisanu ndi chiwiri: kulamula

Kwa mnzanu mumati calcula, kwa munthu wolemekezeka calcule, kwa gulu calculen, kapena calculad ngati muli ku Spain pakati pa anzanu, ndipo calculemos ndi "tiyeni tiwerengetsere". Poletsa, zonse zimatengedwa ku subjuntivo, choncho calcula amasanduka no calcules ndipo calculad amasanduka no calculéis. Ifenso timati "werengetsera" koma "usawerengetsere".

Chachisanu ndi chitatu: nthawi za mawu awiri

Zotsalazi n'zosavuta chifukwa calcular sasinthanso. Mawu akuti calculado amatsagana ndi mneni haber: he calculado, has calculado, ha calculado, hemos calculado, habéis calculado, han calculado, amene ali pafupi ndi "ndawerengetsera". Había calculado ndi "ndinali nditawerengetsera". Mawu akuti calculando amatsagana ndi estar posonyeza chimene chikuchitika panopa, monga estoy calculando, "ndikuwerengetsera".

Kuyesa pa aneni ena ndi kulemba kachizindikiro

Mukatha kunena zonsezi osayang'ana papepala, sinthani tsinde lokha. Sumar, amene ndi kuphatikiza, ndi restar, amene ndi kuchotsera, amatsata calcular ndendende. Multiplicar, kuchulukitsa, amatsata michira yomweyo koma kalembedwe kamasintha pang'ono kuti liwu la k lisatayike patsogolo pa e, motero timalemba multipliqué ndi multiplique. Contar, kuwerenga zinthu chimodzichimodzi, akuoneka ngati m'bale wake wa calcular koma amasintha tsinde pamene latsindikidwa, moti timati cuento, cuentas, cuenta koma contamos. Dividir, kugawa, ndi wa gulu la -ir ndipo ali ndi michira yake.

Polemba pafoni, dinikizani lembo la liwu kwa kanthawi ndipo malembo okhala ndi zizindikiro adzaonekera kuti musankhe. Pakompyuta ya Windows yokhala ndi manambala a kumbali, gwirani batani la Alt n'kulemba 160 kuti mupeze á, 130 kuti mupeze é, 161 kuti mupeze í, ndi 162 kuti mupeze ó. Poyeserera, tengani risiti ya kusitolo n'kunena mokweza ziganizo zitatu za risitiyo, chimodzi chokhala ndi cálculo, china calculo, china calculó, uku mukugogoda patebulo pa phatikizo limene mukulitsindika.