Mmene namwino angapemphere chilolezo chotenga magazi pa kafukufuku m'midzi ya kuchigwa cha Shire

Namwino amene watumidwa kukachita kafukufuku wa malungo kapena wa kuchepa kwa magazi m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje ayambe watsimikiza kuti kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndiponso kuti ofesi ya zaumoyo ya pa boma yapereka kalata, imene ayenera kuyenda nayo.

Asanafike pakhomo la munthu aliyense, akaonekere kwa a gulupu ndi a nyakwawa limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene amayi anamuzolowera kale kusikelo ya ana. Mphekesera za anamapopa zimene zinavuta m'maboma a kummwera mu 2017 sizinaiwalike, choncho mlendo wotenga magazi wopanda womuperekeza amadziputira ngozi. Komabe mawu a mfumu amangotsegula njira, salowa m'malo mwa chilolezo cha mwini magazi. Pamsonkhano womwewo agwirizane za nthawi, popeza ambiri amalawirira kumadimba ndipo amapezeka pakhomo dzuwa litapendeka.

Vuto lalikulu kuno silikhala kukana, koma kuvomera mopanda kumvetsa. Anthu amene anakumana ndi madzi osefukira mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anazolowera kuti wolemba mayina amabwera ndi chimanga kapena matenti, ndipo ena amatambasula dzanja poopa kuti akakana atsala pa thandizo kapena akakalipidwa kuchipatala. N'chifukwa chake namwino, asanatulutse fomu ya chilolezo, anene mosapita m'mbali kuti: "Amayi, sindikulemba mayina a thandizo, ndipo ngakhale mukane lero, kuchipatala adzakuthandizani monga mwa nthawi zonse." Mawu amenewa ndi ofunika kuwabwereza, makamaka ngati namwinoyo wavala yunifolomu imene anthu amaiona kuchipatala.

Kenako aonetse singano yatsopano ili m'chipepala chake, afotokoze kuti abaya chala n'kutenga madontho ochepa, anene kumene magaziwo apite, ngati akasungidwe, ndi amene adzaone zotsatira. Kumene anthu amalankhula Chisena, monga m'midzi yambiri ya ku Nsanje, pakhale womasulira amene si wachibale wa wofunsidwayo. Kufunsa kuti "Mwamva?" sikuthandiza, chifukwa mwaulemu aliyense amayankha kuti inde, bwino n'kumupempha munthuyo kuti abwereze m'mawu ake zimene zichitike.

Amene sadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni yodziwa kuwerenga, yosagwira nawo ntchito ya kafukufukuyo, ndipo fomu imodzi itsale kwa iye. Mayi akanena kuti adikire bambo a kunyumba, namwino asakakamize, apangane tsiku lina. Za mwana wosakwana zaka 18 amavomera ndi kholo kapena womulera, koma mwana wosinkhukirapo afunsidwenso yekha.

Zoyezera malungo zisasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene ku Ngabu ndi Bangula kumatentha kupitirira madigiri 40. Wopezeka ndi malungo auzidwe payekha, osati pagulu, ndipo alandire mankhwala a malungo a LA pomwepo kapena kalata yopita nayo kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, malinga ndi zimene ndondomeko ya kafukufukuyo inavomereza.