Mpira si chinangwa: onani mtengo musanagule mtolo

Mwezi uno wa Novembala ndaitanidwa kanayi kukaona chinangwa chimene eni ake akuti chakana kuika. Pa minda inayiyo, itatu vuto lake ndi limodzi, ndipo si nthaka, si chiswe, si mvula ayi. Zimene zili m'mizeremo si chinangwa chokhachokha. Muli mpira, mtengo wofanana ndi chinangwa koma wosaika mizu yodya. M'munda wina cha ku Chadiza ndapezamo ngakhale jatrofa, mtengo wa m'mipanda wa njere za poizoni, ataima pamzere ngati mbewu, atapaliridwa kawiri konse.

Kumene zinayambira ndikukudziwa. Chilala cha 2024, chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatitsegula maso ife a kuno kum'mawa kwa Zambia kuti chimanga chokha sichisunga mudzi. Anthu anathamangira chinangwa, ndipo ife alangizi tinakondwa. Koma kuno si ku Luapula kumene mwana amakula akusenza mitengo ya chinangwa. Ife ndife anthu a chimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Mbewu itasowa, anthu anayamba kugula mitolo m'mbali mwa msewu, yopulula kale masamba, kwa munthu amene mawa sadzamuonanso. Ena anangotenga chikwanje n'kupita kumpanda kwa mnansi kukadula chilichonse cha masamba onga zala. Mvula yayandikiranso tsopano, ndipo mitolo ija ndikuiona pa njinga ikulowa m'midzi monga chaka chatha.

Kusokoneza kwake kuli ndi chifukwa. Chinangwa, mpira, jatrofa, nsatsi ndi nkhadze ndi banja limodzi, limene m'mabuku limatchedwa Euphorbiaceae. Mukang'amba chipatso cha chilichonse mwa izi mupeza zipinda zitatu, njere imodzi m'chipinda chilichonse. Nkhope za pachibale zimafanana. Koma pa zisanuzi n'chimodzi chokha chimene chimaika mizu yoti munthu adye.

Tiyeni tiwerengere pamodzi zimene zimatayika, chifukwa ambiri mukuona ngati ndi nkhani yaing'ono. Lima imodzi, ndiye kuti kota ya hekitala, mukabzala mita imodzi uku ndi uku, imalowa timitengo 2,500. Mtengo wotalika mita imodzi umatuluka timitengo tinayi, ndiye kuti mwagula ndi kusenza mitengo yoposa 600. Mwaunga mizere, mwabzala, mwapalira kawiri kapena katatu, mwalimbana ndi mbuzi ndi nkhumba chilimwe chonse. Chimanga chikakana mumadziwa pofika Malichi. Chinangwa mumachidikira chaka chathunthu musanadziwe chimene chili pansi. Ndipo mpira umanyenga koopsa: umakula msanga kuposa chinangwa, masamba ali biriwiri, moti mwini munda amaukonda kwambiri ndi kuusamala kuposa mbewu yeniyeni. Uku ukutchinga dzuwa, chinangwa cha m'mbali mwake chikunyentchera. Pokumba mupeza mizu yowonda, yolimba ngati chingwe. Pamenepo chaka chapita, ndalama ya mbewu yapita, njala ya Januwale ili pakhomo, ndipo mwatsala ndi zitsa zofuna kuzula ndi nkhwangwa.

Bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Katete ananditengera kumunda kwake ali wonyada. "Alangizi, bwerani muone mtundu watsopano, wapitirira denga la nyumba." Ndinaima pansi pake, ndikuyang'ana m'mwamba, mtima unangoti zii. Ndinawapempha khasu. Tinakumba phando loyamba, lachiwiri, lachitatu. Iwo anakhala pansi pamzere, chipewa chili m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, ndinagulitsa mbuzi kuti ndigule mitengo imeneyi." Amayi a kunyumba kwawo, amene anatitsatira ndi dengu poyembekeza kuti tibwerako ndi chinangwa, anati iwo anakayikira kalekale, chifukwa pothyola chigwada utomoni unkamata m'manja kuposa masiku onse. Ananena, koma sanamvedwe. Dengu lija linabwerera lopanda kanthu.

Amayi aja anaona chizindikiro chenicheni. Ndipo ndatopa nawo mawu akuti "zonse ndi chigwada basi". Inde, masamba a mpira amadyedwa, akasinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira, ndipo ambiri amaukonda chifukwa umakhala ndi masamba nthawi yaitali. Usungeni kuseri kwa nyumba ngati mtengo wa ndiwo, palibe akukuletsani. Koma ndiwo si chakudya cha m'nkhokwe. Ng'ombe simugula usiku, thumba la feteleza mumaligwedeza ndi kuliwerenga, nanga bwanji mbewu yoti mudikire chaka chonse mukuigula osaigwira n'komwe?

Gwirani mtengowo m'manja. Wa chinangwa uli ndi mfundo zotukuka, zoyandikana, zozungulira mtengo wonse, pamene panali masamba. Mukayendetsa chala chimagunda mfundo iliyonse, ndipo pamwamba pa mfundo pali diso pophukira. Mukaudula, pakati pali mtima woyera wofewa, ndipo m'mbali mwa khungwa mumatuluka timadontho ta mkaka, tochepa. Wa mpira ndi wosalala, mfundo zake ndi zotalikirana ndiponso sizitukuka kwenikweni. Ukakhwima khungwa lake limanyezimira ndipo limasendeka mopingasa, topyapyala ngati pepala. Mukautema mkaka umachita kuyenderera, ndipo mukaupaka pakati pa zala ziwiri n'kudikira pang'ono umauma n'kumatamuka. Dzina lakuti mpira linachokera pomwepo. Mtengowu kwawo ndi ku Brazil, monganso chinangwa, ndipo unabwera kuno ku Africa m'nthawi ya atsamunda kuti azikamamo mpira. Ukausiya umasanduka mtengo weniweni wofika mamita 10, pamene chinangwa chimathera pa mamita awiri kapena atatu.

Pamasamba ndiye posavuta, n'chifukwa chake mtolo wopanda masamba sindiukhulupirira. Tsamba la chinangwa lili ndi zala zowonda, kawirikawiri zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, zong'ambika mpaka pafupi ndi tsinde la tsamba, ndipo kaphesi kake kamagwira kumapeto kwenikweni. La mpira zala zake ndi zonenepa, zitatu kapena zisanu, ndipo mukalitembenuza muona kuti kaphesi kalowa m'kati pang'ono, kuseri kwake kwatsala kachikopa ka tsamba. Kamodzi kokha mukakaona simudzaiwalanso. Sindikunyoza mpira. Ku Amani, m'dziko la Tanzania, akatswiri a m'zaka za m'ma 1930 anaukwatitsa ndi chinangwa kuti apeze mbewu zopirira matenda opiringiza masamba, ndipo magazi ake ali m'mitundu yambiri imene tikubzala lero. Koma ntchito imeneyo ndi ya kumalo a kafukufuku, osati ya m'lima yanu.

Jatrofa ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa iyeyu sathera pa kutaya chaka. Ena amamutcha msatsimanga. Anafala kuno zaka za m'ma 2000, pamene kunali mphekesera yoti mafuta a galimoto azichokera m'munda. Msika uja sunakhalitse, mitengo inatsala m'mipanda ndi m'mbali mwa madimba, popeza mbuzi siimudya. Nthambi yake ndi yonenepa, yofewa, yotuwa mobiriwira, yosalala, yothyoka mosavuta. Madzi ake si oyera ngati mkaka: ndi amadzimadzi, onanda, amachita thovu mukawatikita, ndipo akadontha pa malaya amasiya banga lofiirira losachoka. Tsamba ndi lotambalala, lopanda zala zenizeni, langokhala ndi makona atatu kapena asanu. Zipatso zimayamba zobiriwira, kenako zachikasu, kenako zakuda, m'kati muli njere zakuda zitatu. Njere zimenezi zimakoma ngati nshawa, ndipo mwana sadziwa kuti ndi poizoni. Zochepa chabe zimayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa, nthawi zina ola lisanathe. Munda wa ku Chadiza uja uli panjira ya ana a sukulu, ndipo mitengoyo inali itayamba kubereka. Tinaizula tsiku lomwelo.

Nsatsi aliyense akuidziwa, agogo athu ankayenga mafuta ake odzola. Komabe ndaona mtsikana akuthyola masamba ake anthete n'kusakaniza ndi chigwada. Tsinde la nsatsi ndi lamphako ngati bango, lili ndi mphete zozungulira, ndipo lilibe mkaka. Tsamba ndi lalikulu, zala zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, m'mbali muli mano ngati sowo, kaphesi kagwira cha pakati ngati ambulera. Chipatso chili ndi timinga, njere yake ndi yamawangamawanga yonga nkhupakupa yokhuta. Njere imeneyo ikatafunidwa imatha kupha munthu. Nkhadze ndiye simungaisokoneze ndi chilichonse, timitengo tobiriwira topanda masamba, koma popeza ndi nthawi yosadza mipanda ndinene: mkaka wake ukalowa m'maso umawotcha ngati moto ndipo munthu amatha masiku osaona. Musatume ana kukadula.

Tsono chochita ndi ichi. Pitani kumunda kumene mbewu ikuchokera, muone zomerazo zili chiimire ndi masamba ake, mwini munda azule phando limodzi muone mizu ndi maso anu. Mukatero muonanso ngati masamba ali opiringizika ndi achikasu, chinthu chimene mtolo wopulula sungakuuzeni, ndipo munda wotero mbewu yake isiyeni. Dulani pa zomera zokhwima za miyezi 8 kufika 12, chigawo chapakati, timitengo ta masentimita 25 tokhala ndi mfundo zisanu kapena kuposa. Ngati mwagula kale, masulani mtolo pabwalo, muyendetse chala pamtengo uliwonse, osalala onse ayikeni padera. Kamtengo kamene mwakadula koma osatuluka mkaka ngakhale pang'ono kauma, musakabzale. Mukafuna Manyokola kapena mitundu yovomerezeka monga Mweru, Chila ndi Bangweulu, funsani alangizi a kampu yanu, kapena kumalo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera kuno ku Chipata, akuuzeni kumene kuli mbewu yodalirika.

Mwana akadya njere za jatrofa kapena nsatsi, musadikire kuti muone ngati zimuvute, ndipo musamumwetse mankhwala a zitsamba. Thamangani naye kuchipatala, mutatenga chipatsocho ndi tsamba lake kuti anamwino aone. Mkaka wa nkhadze ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 osatikita, kenako kuchipatala. Amene muli ndi munda wokayikitsa, thyolani tsamba limodzi ndi kamtengo kake mubwere nazo kumsonkhano wa kalabu, ndidzabwera ndi mpeni tidzadulire pamodzi.