Momwe mungakonzere usiku wa Mikuláš kwa mabanja a ku Czechia ndi Slovakia okhala ku Britain

Amene muli pa banja ndi munthu wa ku Czechia kapena Slovakia mukudziwa kale kuti chisangalalo chawo cha Disembala sichidikira Khirisimasi. Chimayamba madzulo a pa 5 Disembala, pamene Mikuláš, yemwe ndi Nicholas Woyera, bishopu wakale wa mzinda wa Myra, amayendera ana limodzi ndi mngelo komanso chiwanda chotchedwa čert. Kwawoko anthu ovala ngati atatuwa amangoyenda m'misewu n'kumalowa m'makomo. Kuno ku Britain palibe amene angakugogodereni, muyenera kukonza nokha. Kwathu bambo a kunyumba ndi a ku Brno, mzinda wa ku Czechia, koma ntchitoyi inagwera ine.

Choyamba, pezani anthu. Alipo ambiri, makamaka amene anabwera mayiko awiriwa atalowa mu European Union mu 2004. Ngati muli ku London, yambani ndi sukulu za Loweruka zophunzitsa ana chinenero cha makolo awo, monga Czech School Without Borders. Pitaninso ku Velehrad ku Barnes, bungwe la anthu a kwawoko limene anayambitsa wansembe Jan Lang mu 1964, kapena kukadya ku Bohemia House ku West Hampstead, kumene anthu a mayiko awiriwa akhala akukumana kuyambira mu 1946. Akutali ndi London, lembani pa Facebook dzina la tawuni yanu ndi mawu akuti Češi a Slováci (kutanthauza anthu a ku Czechia ndi Slovakia), gulu silisowa. Musawalekanitse ayi. Dziko lawo la Czechoslovakia linagawika pa 1 Januwale 1993, koma akuluakulu amamvana bwinobwino aliyense akuyankhula chakwawo.

Chachiwiri ndi malo. Holo ya tchalitchi ndiyo yotsika mtengo, bola muisungitse mu Okutobala. Aliyense asonkhe ndalama zisanachitike zinthu, chifukwa a "ndipereka pakhomo" timawadziwa tonse.

Tsopano za mphatso, ndipo apa pokha mundilole ndichedwepo. Kathumba ka mwana aliyense kamakhala ndi manachesi, mtedza, chokoleti ndi mabisiketi a uchi otchedwa perníčky. Wosamvera amamuikiramo khala kapena mbatatesi yaiwisi, mongomuseka. Manachesi ndi mtedza gulani pasitolo iliyonse. Vuto limabwera mukafuna zinthu zenizeni za kwawo. M'magulu a pa Facebook muja muli anthu a maveni amene amalengeza kuti amayenda pakati pa Prague, Bratislava ndi England sabata iliyonse. Ena ndi okhulupirika. Amene ndinamupeza ine analandira ndalama zonse mu Novembala, nandilonjeza mabokosi a perníčky, mabotolo a chakumwa cha Kofola oti amwe akuluakulu, ndi phukusi lomwe apongozi anali atamanga. Tsiku litayandikira, foni osayankha. Katundu anadzafika Mikuláš atapita kale, mabisiketi atasanduka zinyenyeswa, mabotolo ena ataphulikira pa zovala za ana. Ndiye musalipire zonse katundu musanamuone, ndipo funsani amayi awiri kapena atatu amene anatumizapo kudzera mwa munthuyo, osati ndemanga zoyamikira zomwe waika yekha. Komanso mu Epulo 2025 boma la Britain linaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ndi zamkaka zochokera ku EU chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi omwe anagwira ziweto ku Slovakia ndi Hungary. Wina akakulonjezani masoseji kapena tchizi cha nkhosa cha bryndza cha m'chikwama, yambani mwaona kaye zomwe lamulo likunena panopa.

Njira yachidule ndi kuphika nokha perníčky. Ufa wosalala womwe iwo amati hladká mouka umapezeka m'masitolo a anthu a ku Poland, ngakhale ufa wamba wa tirigu umagwiranso ntchito. Phikani kukadali milungu iwiri kapena itatu, chifukwa akangochoka mu uvuni amakhala olimba ndipo amafewa akakhalitsa m'chitini chotseka.

Zovala si nkhani yovuta. Mikuláš amafuna ndevu zoyera, chisoti cha ubishopu cha katoni, ndodo yopindika kumutu ndi buku lalikulu momwe makolo alembamo zabwino ndi zoipa za mwana aliyense. Mngelo ndi nsalu yoyera ndi mapiko basi. Čert amavala ubweya, nyanga, unyolo wolira ndi thumba loopsezera ana. Kwawo amakonda kumudetsa nkhope ndi mwaye. Ine ndinakana zimenezo, ndipo nanunso kanani: kuno zimapereka tanthauzo lina, ndipo ana athu akuda sangamaone kuti woipa ndiye wa nkhope yakuda. Utoto wofiira ukukwanira. Mumuuzenso asachite kubangula, tiana ta zaka zitatu timalira mpaka kunyumba.

Pa tsikulo mwana aliyense amaitanidwa ndi dzina, amanena ndakatulo kapena kuimba nyimbo m'chinenero cha makolo, kenako n'kulandira kathumba kake. Phindu lonse lagona pamenepa, choncho ayambe kuloweza msanga. Agogo aimbireni pa WhatsApp aonere ali kwawo.

Mabanja a ku Slovakia muwakumbutse kuti ana aike nsapato zopukuta pawindo usiku womwewo, kuti Mikuláš aikemo mphatso. Zotsala ndi kusesa holo ndi kubweza makiyi. Lembaninso manambala a onse amene abwera, chifukwa pa 24 Disembala mudzafuna wodziwa kogula nsomba ya carp, yomwe kwawoko amadya madzulo a tsikulo.