Alembi a makalabu, mpatuliro wachiwiri mukuusiya kuti?

Chikololereni soya ndi mtedza, makalata a Chingerezi ochokera ku makalabu ndi makopaletivi akhala akundidutsa m'manja, ena opempha ngongole, ena ofuna msika. Ambiri akudwala nthenda imodzi. Mlembi akatchula udindo wa munthu kenako dzina lake, akuika mpatuliro dzina lisanayambe, koma likatha osatseka.

Taonani ichi: "Our chairman, Mr Phiri and the treasurer will sign." Inu kumudzi mukudziwa kuti wapampando ndi a Phiri omwewo. Nanga kalaliki wa ku banki awadziwira kuti? Iye akuwerenga anthu atatu: wapampando, a Phiri, ndi msungichuma. M'Chingerezi, dzina lobwera kudzangomveketsa udindo limatsekeredwa mbali zonse ziwiri, monga mbuzi m'khola. Ndipo ngati pali wina wodzasayina nawo, musiyanitseni bwino: "Our chairman, Mr Phiri, will sign together with the treasurer."

Mayi wina wa kalabu ya mtedza anandidandaulira zomwezi. Iye ndi wapampando wawo analawirira m'mamawa, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa boma. Kufika ku ofesi ya ngongole, anawafunsa chitupa cha munthu wachitatu. Anayesa kufotokoza, koma kalata inali itadindidwa kale, ndipo ofesi imatsata zomwe zalembedwa. Anabwerera kukalemba ina. Ndalama yoyendera inachoka m'thumba la kalabu, mtedza n'kugona pabwalo osaswa, mamembala n'kuyamba kunong'onezana kuti awiriwo anangopita kukadya mpunga m'tauni.

Chonditopetsa n'chakuti ndikalozera zimenezi, yankho ndi lakuti kalata ya kalabu timalemba choncho kuyambira kale. Inde, chifukwa mlembi aliyense amakopera kalata yomwe anasiya mnzake m'kope la kalabu, zolakwika ndi zonse. N'chifukwa chake "Dear, Sir" sakutha mpaka lero. Mpatulirowo ukufunanji pakati pamenepo?

Zina mwachidule. Lembani "Dear Sir," ndipo mutseke ndi "Yours faithfully,". Mukatchula dzina, monga "Dear Mr Phiri," tsekani ndi "Yours sincerely,". Maofesi ambiri ku Britain samaikanso mpatuliro pa malonje ndi pa kutsanzika pomwe. Mukasankha zimenezo, chotsani monse muwiri. Aku America amaika timadontho tiwiri pa malonje a kalata ya bizinesi, musadabwe mukalandira yotero. Polankhula ndi munthu, ngakhale pa WhatsApp, dzina kapena ulemu wake umapatulidwa: "Thank you, Madam." Udindo ukatsatira dzina pa mzere umodzi, ikani mpatuliro: "J. Phiri, Chairman". Ukamatirira ku dzina, ngati "Chairman Phiri", musaike.

Kalata isanadindidwe, ipatseni munthu wosadziwa komiti yanu awerenge, mumufunse kuti akuona anthu angati.