Momwe mungakhazikitsire xfstests pa tag imodzi kuti zotsatira zisakupusitseni

Xfstests, ena amati fstests, ndi gulu la mayeso a ma filesystem (njira zosungira mafayilo pa disiki) a Linux, inayambira ku kampani ya makompyuta ya SGI poyesa filesystem ya XFS, koma pano ext4, btrfs ndi f2fs onse amayesedwa nayo. Ku git.kernel.org nthambi zoti muziziyang'ana ndi ziwiri: for-next, komwe mapatchi atsopano amafikira, ndi master yomwe imatsalira m'mbuyo dala mpaka zinthu zitakhazikika. Ma tag ake, mayina ozindikiritsa version inayake ya code, ndi madeti basi, v kenako chaka, mwezi, tsiku.

Clone ndi make mukudziwa kale. Mu fayilo ya local.config lembani TEST_DEV ndi SCRATCH_DEV, madisiki awiri oyeserapo, koma dziwani kuti SCRATCH_DEV imafufutidwa kangapo konse, musaikepo disiki ya zithunzi za ukwati. Ine ndinagulira izi SSD yakale kwa mkulu wina yemwe ankalumbira kuti ndi yatsopano, mtengo wake wokayikitsa, sabata isanathe dmesg, yomwe imaonetsa mauthenga a kernel, yadzaza ma I/O error. Bola loop device (fayilo yogwira ntchito ngati disiki) kapena kvm-xfstests ya Theodore Ts'o, yomwe imayendetsa mayeso mu virtual machine.

Pomwe ndinapsa ndi apa. Ndinayendetsa ./check -g auto, gulu lalikulu la mayeso, pa kernel yakale ndili pa for-next ya xfstests, ndasunga zotsatira bwinobwino, kenako patapita masabata ndaika patchi yanga mu kernel, mwachizolowezi ndachita git pull mu xfstests osaganizira n'komwe, ndayendetsanso usiku wonse. M'mawa mwake mayeso angapo a generic, oyesa filesystem iliyonse, afeila. Masiku awiri ndikufukula code yanga ngati mbewa, kutsegula ma .out.bad, mafayilo a zotsatira za mayeso ofeila, mmodzimmodzi, ndikudziona wolakwa, kumapeto git log ikundionetsa kuti mayeso enawo sanaliko n'komwe ulendo woyamba, ena anasinthidwa. Patchi yanga inalibe mlandu. Ndinasintha muyezo pakati pa ntchito ndekha.

Ndiye musanayambe chitani git fetch --tags, onani yatsopano ndi git tag --sort=-creatordate, kenako git checkout -b yanga ndi dzina la tag ija. Chitaninso make clean ndi make, chifukwa zida zoyesera monga fsx ndi fsstress zakale zimatsalira muzinamizidwanso. Zomwe git describe --tags yanena zilembeni pambali pa zotsatira, kernel zonse ziwiri, yakale ndi ya patchi, ziyesedwe pa tag yomweyo.

For-next isiyireni amene akutumiza mayeso atsopano. Mukafuna kusamukira ku tag ina, yendetsaninso baseline, mayeso a kernel yopanda patchi, kaye. Musaiwale kupanga user wa fsgqa yemwe mayeso ena amamufuna, yendetsani -g quick ya mayeso achangu kaye, auto mawa.