Momwe mungaonere ngati kalavani ndi yolimba musanaigule

Makalavani (ngolo zogonamo zokokedwa ndi galimoto) ambiri amene timawaona kuno amachokera ku South Africa, monga a Jurgens, Sprite ndi Gypsey. Akale ambiri ali ndi felemu ya matabwa m'kati mwa khoma, kunja anakuta ndi chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu. Chimawapha ndi madzi. Ndiye makatani ndi makushoni okongola asakutengeni mtima.

Choyamba, lowani, mutseke chitseko, mununkhize. Fungo la chinyezi silibisika. Kenako kanikizani ndi chala m'makona monse, kunsi kwa mawindo, mozungulira chibowo cha mpweya cha kudenga ndi m'kati mwa makabati a m'mwamba. Khoma labwino silibonyoka. Pamene pafewa ndiye kuti thabwa linavunda kale, ndipo kukonza kwake nkusasula khoma lonse. Mukapeza kachipangizo koyezera chinyezi, kakamaonetsa pansi pa 15% zili bwino, kakapitirira 20% chenjerani. Wogulitsa akakhala kuti wapenta kona imodzi yokha, mufunseni chinachitika nchiyani pamenepo. Pondaninso mwamphamvu pakhomo ndi pafupi ndi sinki, mumve ngati pansi pakutitimira.

Chachiwiri, yalani thumba, mugone kunsi kwa kalavaniyo ndi tochi. Dzimbiri la pamwamba chabe si nkhani. Loopsa ndi lija loti mukakanda ndi msomali chitsulo chikuyoyoka. Yang'anitsitsani zitsulo ziwiri zimene zimakumana kutsogolo pokokera: zikakhala zopindika kapena zowotchereredwa chatsopano, mwina inachitapo ngozi.

Chachitatu ndi matayala. Manambala anayi omalizira pa chizindikiro choyamba ndi zilembo za DOT, chimene chili m'mbali mwa tayala, amanena nthawi imene tayala linapangidwa, moti 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kalavani imakhalitsa pamalo amodzi, choncho tayala limakalamba ndi kung'aluka likuonekabe latsopano. Ikwezeni pa jeke, mugwedeze tayala lililonse. Likamagwedera, ma bearing (tizitsulo timene gudumu limazungulirapo) atha kapena akhwefuka.

Werenganinso kachitsulo kolembedwa Tare (kulemera kwa kalavani yopanda katundu) ndi GVM (kulemera kumene siyenera kupitirira ikapakira katundu). Mukachotsera Tare pa GVM, chotsalacho ndiye katundu amene mukuloledwa kupakira, madzi ndi botolo la gasi zili momwemo. Ku South Africa, ngolo ya GVM yopitirira 750 kg imayenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndiye ayeseni.

Tsegulani makabati muone chimene anamangira. Timawaya ta stepula timagwira bwino pa tala, koma msewu wafumbi wopita ku Chelinda ku Nyika ungazule timawayato tonse. Ngati maulendo anu ndi otere, funani ya masikulu ndi mabauti, kapena zija zopangidwira maulendo a m'tchire monga Conqueror ndi Echo.

Pomaliza, yatsani chitofu, furiji ndi magetsi onse, mabuleki ndi ma indicator omwe. Mukatero pemphani paipi ya madzi, wina athire padenga ndi m'mawindo kwa mphindi khumi inu muli m'kati ndi tochi kuona ngati madzi akulowa. Mwini wake akakana, musapereke ndalama.